Lipoti la wodwala: shuga ndi makalori a mowa wofulula kunyumba mwa bambo wodwala matenda a shuga

Lipoti lino ndi la bambo wina wa zaka 54 wodwala matenda a shuga a mtundu wachiwiri, amene shuga wa m'magazi mwawo ankakwera kwambiri pakati pa sabata n'kudzatsika moopsa Lamlungu m'mawa, chonsecho mankhwala ankamwa osadumphitsa ndipo ankanena kuti kadyedwe kawo sikankasintha. Ndalilemba monga mlangizi wa zakudya pa kiliniki ya matenda osapatsirana ya chipatala china cha m'chigawo chakummwera, ndipo ndachotsamo zonse zimene zingachititse munthu kuwazindikira. Gwero la vutoli linapezeka kuti linali chakumwa chimodzi chimene ankafulula okha kunyumba, chomwe masiku oyambirira chinkakhala chodzaza shuga, koma chikapsa kwenikweni chinkakhala mowa waukali. Nkhaniyi ndi yofunika kwa anzanga ogwira ntchito zaumoyo komanso kwa mabanja osamalira odwala, chifukwa mowa wa m'ndowa ndi wa m'mbiya ulibe pepala lolembapo mphamvu yake kapena kuchuluka kwa shuga wake, ndipo ofulula ndi omwa omwe amauyeza ndi lilime lokha, lomwe pa nkhani imeneyi limanamiza.

Mbiri ya wodwala

Bambowa anakhala zaka zambiri ku Johannesburg akugwira ntchito yowotcherera zitsulo, ndipo anabwerera kumudzi atawapeza kale ndi matenda a shuga. Ku kiliniki kwathu ankalandira metformin ndi glibenclamide, mankhwala awiri amene odwala shuga ambiri a m'zipatala za boma amawadziwa bwino. Ankalemera makilogalamu 88 pamene kutalika kwawo ndi mamita 1.70, m'chiuno mwawo munali masentimita 104, ndipo magazi awo ankathamanga mopitirirako muyezo. Atawayeza HbA1c, yomwe imasonyeza mmene shuga wakhala akuyendera m'magazi pa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, inapezeka pa 9.1 peresenti, pamene odwala ambiri timafuna kuti akhale pansi pa 7.

Mwana wawo wamkulu anali atawagulira kamakina koyezera shuga, ndipo bambowa, amene ndi munthu wosamala polemba zinthu, ankalemba zonse m'kope. Kope limeneli ndi lomwe linatizunguza mutu. Lachitatu ndi Lachinayi usiku shuga ankafika pakati pa 15 ndi 17 mmol/L (muyezo wa shuga wa m'magazi umene kamakinako kamaonetsa), Lachisanu ankayamba kutsikako, koma Lamlungu m'mawa ankapezeka pafupi ndi 4. Munthu amene akudya nsima yofanana tsiku ndi tsiku, kumwa mankhwala ofanana, ndi kugwira ntchito yofanana sayenera kusintha chotere. Kuwonjezera mankhwala kukanawaika pangozi Lamlungu, ndipo kuwachepetsa kukanawasiya ndi shuga wokwera Lachinayi.

Lamlungu lina m'mwezi wa Okutobala, kunja kukutentha, akazi awo anawapeza ali thukuta kamukamu pa mphasa, akunjenjemera ndi kulankhula zosamveka. Apabanja anaganiza kuti ndi matsire, choncho anawasiya kuti agone. Litakwera dzuwa n'kuona kuti sakudzuka bwinobwino, anawanyamula kubwera nawo kuchipatala, komwe shuga wawo anapezeka pa 2.6 mmol/L, pamene chilichonse chotsika kuposa 3.9 timachitenga kale ngati shuga wotsika. Anawapatsa glucose, mtundu wa shuga umene umayenda m'magazi, kudzera mumtsempha ndipo anatsitsimuka msanga, koma anawagoneka kuti awayang'anire mpaka mawa lake, chifukwa glibenclamide amakhalitsa m'thupi ndipo shuga amatha kudzatsikanso wodwala atafika kale kunyumba.

Pa maulendo onse a m'mbuyomo ankafunsidwa ngati amamwa mowa, ndipo yankho lawo linali limodzi, loti anasiya kalekale. Sankanama ayi, chifukwa kumalo omwera mowa analekadi kupita ndipo botolo sankagulanso. Anali akazi awo amene anaulula pamene tinkacheza nawo m'wodi, ponena kuti: "Nanga zija mumapanga m'ndowa zija, bambo, simuwauza adokotala?"

Luso limeneli analiphunzira ku South Africa. Pa 27 Marichi 2020 boma la dzikolo linaletsa kugulitsa mowa pofuna kuthana ndi mliri wa Covid-19, ndipo anthu ambiri anayamba kudzifululira okha m'nyumba pogwiritsa ntchito zinanazi, maapozi, shuga ndi yisiti wa buledi. Bambowa anatengera kwa anzawo a kuntchito, ndipo atabwerera kuno anapitiriza, popeza zinanazi za ku Mulanje ndi ku Thyolo zimatsika mtengo pa nyengo yake. Ankafulula Lolemba m'mawa, kuyamba kumwa Lachitatu madzulo, ndipo Loweruka ankamalizira ndowayo pamodzi ndi anzawo. Chikhulupiriro chawo chinali choti shuga yense amene amathira amadyedwa ndi yisiti, ndiye chotsala ndi madzi a zipatso omwe sangawononge munthu wodwala shuga.

Zimene zimachitika m'ndowa

Chikhulupiriro chimenechi chili ndi choona pang'ono, ndipo n'chifukwa chake chimavuta kuchizula. Yisiti amadyadi shuga, koma samuchotsa n'kusiya madzi okha. Amamusandutsa zinthu ziwiri: alcohol, yemwe ndi chinthu chenicheni choledzeretsa cha m'mowa, ndi mpweya wa carbon dioxide, womwe timauona ngati thovu. Pa magalamu 180 a glucose pamatuluka magalamu 92 a alcohol ndi magalamu 88 a mpweya. Tikayeza pa sikelo, theka la shuga limauluka ndi thovu, koma mphamvu yake siuluka nawo. Galamu imodzi ya shuga imapereka makalori 4, pamene galamu imodzi ya alcohol imapereka makalori 7, kutsala pang'ono kufanana ndi mafuta omwe amapereka 9. Motero magalamu 100 a shuga, omwe ndi makalori 400, akapsa onse amasiya alcohol wokwana magalamu pafupifupi 50, yemwe ndi makalori 350. Mwa magawo khumi a mphamvu imene inalowa m'ndowa, pafupifupi asanu ndi anayi amakhalabe momwemo ngakhale kutsekemera kutatheratu.

Kalori ndi muyezo wa mphamvu imene chakudya kapena chakumwa chimapereka m'thupi, ndipo mphamvu yotsala imene sinagwire ntchito thupi limaisunga ngati mafuta. Pa chakumwa chilichonse chofulula pali mafunso awiri osiyana amene sayenera kusakanizidwa. Loyamba ndi loti mwatsala shuga wochuluka bwanji, chifukwa ameneyu ndi amene amakweza shuga wa m'magazi pa maola ochepa otsatira. Lachiwiri ndi loti mwapangika alcohol wochuluka bwanji, chifukwa ameneyu amanenepetsa komanso amagwira chiwindi. Woyamba akamachepa wachiwiri amakhala akuchuluka, ndipo makalori onse pamodzi amangosintha pang'ono.

Kuyeza kwake

Atatuluka m'chipatala tinawapempha kuti afulule ndowa ina monga mwa masiku onse, osamwako, koma kuti tiziyeza. Mwana wawo anali atayesapo kale kudonthezera chakumwacho pa kamakina koyezera magazi, koma njira imeneyi ndi yosathandiza, chifukwa kamakinako anakapangira magazi ndipo kamamva glucose yekha. Timapepala toyezera shuga mumkodzo natonso timangomva glucose, osati shuga wa nzimbe, fructose wa m'zipatso kapena maltose wa m'chimera. Tinagwiritsa ntchito hydrometer, yomwe ndi kagalasi kakatali kolemera kunsi, kolembedwa manambala m'mbali, komwe kamayandama m'madzi. M'madzi okhaokha kamaima pa 1.000, ndipo shuga akachuluka madziwo amalemera n'kukatukula m'mwamba.

Kapangidwe kawo kanali kotere: ndowa ya malita 20, zinanazi zazikulu zodula ndi makoko omwe zolemera pafupifupi makilogalamu atatu, mapaketi awiri a shuga a kilogalamu imodziimodzi, kapaketi ka yisiti wa buledi, kenako madzi ofunda mpaka kudzaza, n'kuvindikira ndi nsalu. Shuga wa m'paketi yekha anali magalamu 100 pa lita iliyonse. Chinanazi chimakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 10 pa magalamu 100 alionse, choncho zipatsozo zinawonjezera magalamu ena 15 pa lita. Zonse pamodzi anali magalamu pafupifupi 115 pa lita, kuposa zakumwa zoziziritsa kukhosi zambiri za m'mabotolo, zomwe zimakhala ndi magalamu pafupifupi 100 pa lita. Hydrometer inaima pa 1.044 tisanathire yisiti, zomwe zinagwirizana ndi kuwerengera kwathu.

Lachitatu madzulo, lomwe linali tsiku lawo loyamba kumwa, ndowa inali ikuwira, thovu likukwera m'mbali mwa makoko a chinanazi omwe anali atayandama pamwamba, ndipo fungo lake linali la chipatso chakupsa, losaluma m'mphuno. Hydrometer inaima pa 1.020. Pofuna kudziwa mphamvu ya mowa, ofulula amachotsa nambala yachiwiri pa yoyamba n'kuchulukitsa ndi 131, ndiye 0.024 kuchulukitsa ndi 131 inatipatsa 3.1 peresenti. Loweruka thovu linali litaleka, nsenga zitadikha pansi, chakumwacho chitayera ndi kuwawasa, ndipo hydrometer inamira mpaka 0.996, kutsika kuposa madzi, chifukwa alcohol ndi wopepuka kuposa madzi. Pamenepa mphamvu inali itafika pa 6.3 peresenti, kuposa mowa wamba wa m'botolo womwe umakhala pafupi ndi 5.

Tsono manambalawa akutanthauza chiyani m'thupi? Lachitatu shuga anali atapsa theka lokha. Lita imodzi inali ndi shuga pafupifupi magalamu 57, amene ndi makalori 230, komanso alcohol magalamu 25, amene ndi makalori 175, zonse pamodzi makalori pafupifupi 400. Bambowa ankamwera m'jagi ya lita imodzi ndipo madzulo amodzi ankamaliza majagi awiri. Umenewu ndi shuga wokwana magalamu 115, omwe ndi masipuni aang'ono a tiyi pafupifupi 29, olowa m'thupi ali osungunuka kale, popanda chowachedwetsa m'mimba. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2015, limanena kuti shuga wotereyu asapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu ya tsiku lonse, amene kwa munthu wodya makalori 2,000 ndi magalamu 50. Bambowa ankapitirira kawiri muyezo umenewu ndi chakumwa chokha, osawerengera tiyi wam'mawa. Makalori 800 a majagi awiriwo ndi ofanana ndi nsima yophika ndi ufa wa magalamu 220, ndipo ankamwa atadya kale chakudya chamadzulo. Shuga wa 16 ndi 17 wa m'kope uja anali akuchokera apa.

Loweruka lita yomweyo inalibe shuga wowerengeka, koma inali ndi mamililita 63 a alcohol, omwe polemera ndi magalamu 50, popeza mililita imodzi ya alcohol imalemera magalamu 0.79. Makalori anali 350 pa lita, kungotsika pang'ono poyerekeza ndi Lachitatu. Majagi awiri anali magalamu 100 a alcohol, ndipo tikatenga muyezo umene WHO imagwiritsa ntchito wa magalamu 10 pa chakumwa chimodzi, bambowa ankamwa zakumwa khumi usiku umodzi, iwo akuganiza kuti ndilo tsiku labwino kwambiri chifukwa kutsekemera kwatha.

Kopelo linatsimikizanso chinthu china. M'miyezi ya Juni ndi Julayi shuga wawo ankakhala wokwera mpaka Loweruka ndipo Lamlungu sankatsika kwambiri. Yisiti amagwira ntchito pang'onopang'ono kukazizira, choncho ndowa ya m'nyengo yozizira inkatha isanapse yonse, pamene ya m'Okutobala inkapsa kotheratu pofika Loweruka. Kapangidwe kamodzi komweko kankatulutsa zakumwa zosiyana malinga ndi tsiku komanso nyengo.

Cider, masese ndi thobwa

Zinanazi zikasowa, bambowa ankapanga cider m'chigubu cha malita asanu pogwiritsa ntchito juwisi wa maapozi wa m'mapaketi. Juwisi wotereyu amakhala ndi shuga pakati pa magalamu 10 ndi 11 pa mamililita 100, ndipo pafupifupi yense ndi wa mtundu umene yisiti amatha kudya. Popeza magalamu 17 mpaka 18 a shuga pa lita amatulutsa peresenti imodzi ya alcohol, juwisiyu akapsa yense amafika pafupi ndi 6 peresenti popanda kuwonjezera kanthu. Pamenepa cider amasiyana ndi mowa wa chimera cha balere, womwe umasiya zotsalira za sitachi zimene yisiti sangathe kuziphwanya, mwakuti mowa wamba wa m'botolo umakhalabe ndi magalamu pafupifupi 3 a zotsalirazi pa mamililita 100. Cider wopsa bwino sasiya kanthu kotere, ndipo shuga akatha asidi wa m'maapozi amamveka kwambiri, mwakuti ambiri amalephera kumwa chifukwa cha kuwawasa.

Pofuna kuthetsa kuwawasako bambowa ankathira kapu imodzi ya shuga m'chigubumo mowa utapsa kale. Titayeza kapuyo inali ya magalamu pafupifupi 200, kutanthauza magalamu 40 pa lita. Mwa zakumwa zawo zonse ichi ndicho chinali cholemera kwambiri, chifukwa chinali ndi alcohol yense wa mowa wakupsa, magalamu 47 amene ndi makalori 330, kuphatikizapo shuga watsopano wa makalori 160, zonse pamodzi makalori pafupifupi 490 pa lita. Panalinso ngozi ina. Yisiti amakhala akadali wamoyo, ndiye akapatsidwa shuga wina amayambiranso kuwira, ndipo akazi awo ananena kuti chigubucho chinkafufuma mpaka kumafuna kutsegula pafupipafupi. Chakumwa chotere chikatsekeredwa m'botolo lagalasi chimatha kuliphulitsa.

Masese ankamwa mwa apo ndi apo, kukakhala zochitika pamudzi. Hydrometer sithandiza pa mowa umenewu chifukwa cha ufa woyandama, koma mfundo yake ndi yomweyi. Chimera, kaya ndi cha mawere, cha mapira kapena cha chimanga, chimaphwanya sitachi wa m'phala kukhala maltose, shuga amene amalowa m'magazi mwachangu kwambiri. Kenako tizilombo topanga asidi timauwawasitsa, yisiti wachilengedwe n'kusandutsa gawo la shugayo kukhala alcohol. Mowawu umamwedwa ukadali kuwira, uli ndi sitachi wosaphwanyika, shuga wosapsa ndi alcohol pamodzi, ndipo kuwawasa kwake kumabisa shuga amene alimo. Ufa wa chimanga uli ndi makalori pafupifupi 360 pa magalamu 100, ndipo taona kale kuti kupsa kumangochotsako kagawo kochepa, choncho ufa uliwonse umene wadutsa pa sefa umafika m'thupi ndi mphamvu yake pafupifupi yonse. Ofulula ambiri masiku ano amathiranso shuga wa m'paketi kuti mowa upse msanga ndi kukhala waukali. Munthu akanena kuti wamwa chipanda chimodzi, ndi bwino kufunsa kukula kwa chipandacho.

Thobwa linali la tsiku ndi tsiku, ndipo apabanja onse ankalitenga ngati chakudya chopatsa thanzi. Thobwa lilibe alcohol wowerengeka likakhala latsopano, koma pa chifukwa chomwecho shuga yense amene chimera chatulutsa amakhala momwemo, ndipo pakhomopa ankathiramonso shuga wina. Za kachasu ndingotchula mwachidule, popeza bambowa sankamwa: potcheza, shuga amatsalira mumphika ndipo chodontha ku mpope chimakhala alcohol ndi madzi, motero sakweza shuga wa m'magazi, koma kwa wodwala amene akumwa glibenclamide kapena kubaya insulin, yomwe imatsitsa shuga wa m'magazi, ngozi ya kutsika kwa shuga imakhala yaikulu koposa.

Chifukwa chimene shuga anatsikira Lamlungu

Munthu akagona osadya, chiwindi ndi chimene chimasunga shuga wa m'magazi pa muyezo wake, poyamba potulutsa shuga amene chinasunga, kenako popanga watsopano kuchokera ku zinthu zina za m'thupi. Alcohol akalowa, chiwindi chimayamba chathana naye kaye, ndipo ntchito yopanga shuga watsopano imalephereka kwa maola ambiri, ngakhale mpaka tsiku lotsatira. Glibenclamide naye amakakamiza thupi kutulutsa insulin mosayang'ana ngati munthu wadya kapena ayi. Lachitatu zinthu ziwirizi zinkabisika, chifukwa chakumwacho chinkabwera ndi shuga wake wambiri ndipo alcohol anali wochepa. Loweruka lija bambowa anamwa piritsi lawo lamadzulo, anakhala pansi pa mtengo ndi anzawo, nsima sanadye chifukwa chokhuta mowa, ndipo anagona ali ndi magalamu 100 a alcohol m'thupi popanda shuga wina aliyense wolowa. Insulin inapitiriza kutsitsa shuga usiku wonse pamene chiwindi chinalibe mpata womubwezeretsa.

Chomvetsa chisoni pa vutoli n'chakuti zizindikiro za shuga wotsika, monga kudzandira, kulankhula mokoka, kusokonezeka mutu ndi tulo tosadzuka, ndi zofanana ndi za munthu woledzera. Apabanja amene anawasiya kuti agone sanachite mwankhanza, anachita zimene aliyense amachita ndi munthu wa matsire. Koma ubongo ukakhala nthawi yaitali wopanda shuga wokwanira umawonongeka, ndipo anthu ena amafera m'tulo motero.

Thandizo limene tinapereka

Dokotala wowaona anawaimitsa glibenclamide, ndipo atayeza impso n'kupeza kuti zili bwino anawasiya pa metformin, atawachenjeza kuti mankhwalawanso sagwirizana ndi kumwa mowa wambiri, chifukwa zingachititse asidi kuchuluka m'magazi. Mbali yanga inali ya chakudya ndi chakumwa. Ndinawauza mosabisa kuti kwa munthu wa thupi lawo, wothamanga magazi komanso amene wangopulumuka kumene, chabwino koposa ndi kusiyiratu. Funso lawo loyamba linali lakuti, ngati vuto ndi shuga, bwanji asamangodikira kuti ndowa ipse yonse ndiye azimwa. Ndinawayankha kuti: "Bambo, ya kupsa yonseyo ndi imene inakugonekani m'wodi muja." Ndikuganiza kuti apa ndi pamene anamvetsa kuti m'ndowa mulibe tsiku limene mowawo umakhala wopanda vuto, kungoti vutolo limasintha mtundu.

Anavomera kusiya cider wothira shuga, koma za ndowa ya zinanazi anati sangalonjeze chinthu chimene akudziwa kuti sangachisunge. Ena mwa anzanga amaona kuti kukambirana za muyezo ndi wodwala wotere kuli ngati kumuloleza kumwa. Ine ndimaona mosiyana, chifukwa wodwala amene wangouzidwa kuti asiye basi amavomera pamaso pathu n'kukapitiriza mobisa, ndipo ulendo wotsatira satiuzanso zoona. Tinagwirizana kuti ngati afulula, azithira paketi imodzi ya shuga m'malo mwa awiri, zomwe zimatsitsa shuga woyambira kufika pa magalamu 65 pa lita ndi mphamvu yomaliza kufika pafupi ndi 3.6 peresenti, makalori 200 pa lita. Asamamwe mowa ukadali kuwira, asamathire shuga pambuyo, ndipo jagi ija ilowedwe m'malo ndi kapu ya theka la lita, imodzi yokha pa tsiku, osati tsiku lililonse. Kapu imeneyi ili ndi alcohol magalamu 14 ndi makalori 100. Azimwa pamodzi ndi nsima ndi ndiwo, osati ndi njala, ndipo aziyeza shuga asanagone komanso akadzuka.

Akazi awo ndi mwana wawo tinawaphunzitsa kuti bambo akaoneka ngati aledzera, choyamba ndi kuyeza shuga. Akakhala pansi pa 3.9 ndipo akutha kumeza, awapatse masipuni aang'ono anayi a shuga osungunula m'madzi, adikire mphindi 15 n'kuyezanso, kenako awapatse chakudya chenicheni. Akakhala kuti sakudzuka, asawathire kanthu m'kamwa kuopa kuwatsamwitsa, koma awagoneke chammbali ndi kuthamangira nawo kuchipatala.

Ku kiliniki tinasinthanso kafunsidwe. Funso lakuti "Kodi mumamwa mowa?" limagwira okhawo amene amagula wa m'botolo kapena wa m'paketi. WHO inanena m'lipoti lake la 2018 kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mowa wonse umene umamwedwa padziko ndi wosalembedwa m'kaundula, ndipo wofulula kunyumba uli m'gulu limeneli. Tsopano timafunsa chilichonse chimene wodwala amamwa kupatula madzi, amene amachipanga, zimene amathiramo, tsiku limene amayamba kumwa chikapangidwa, ndi kukula kwa chomwera. Ngakhale popanda hydrometer, kudziwa mapaketi a shuga ndi malita a ndowa n'kokwanira kuti munthu awerengere: kilogalamu imodzi pa malita khumi ndi magalamu 100 pa lita, amene akapsa theka amasiya magalamu 50 a shuga, ndipo akapsa onse amapereka mowa wa pafupi ndi 6 peresenti.

Zotsatira

Patapita miyezi itatu HbA1c inali pa 7.9 peresenti, ankalemera makilogalamu 84.5, ndipo m'chiuno munali masentimita 100. M'kope munalibenso nambala yotsika kuposa 4, ndipo kukwera kwa Lachitatu ndi Lachinayi kunali kutatha. Ndowa ya paketi imodzi anaifulula kangapo, koma anati ndi yowawasa ndipo anzawo a Loweruka sankaikonda, mwakuti pofika nthawi yowaonanso anali atatha milungu ingapo osafulula. Magazi anali akuthamangabe mopitirira muyezo, ndipo dokotala anawayambitsa mankhwala ake.

Chimene chatsala ndi thobwa. Kopelo likusonyeza kuti masana, patatha maola awiri atamwa, shuga amafika pakati pa 11 ndi 13 mmol/L, ndipo masiku amene sanamwe amakhala pansi pa 10. Akazi awo, amene anali patsogolo polimbana ndi ndowa ija, pa thobwa sanagonjebe, chifukwa akuti mwamuna wowotcherera zitsulo padzuwa sangagwire ntchito ndi madzi okha. Tagwirizana kuti ayambe aleka kuthiramo shuga wa m'paketi, achepetse kufika pa kapu imodzi yaing'ono yomwera pamodzi ndi chakudya chamasana, ndipo bambowa aziyeza asanamwe ndi patatha maola awiri, kuti pa ulendo wotsatira dokotala adzaone ngati metformin yekha akukwanira kapena pakufunika mankhwala ena amene satsitsa shuga mopitirira ngati glibenclamide.